Madzi a m'Chitsime cha a Wanshou

Dongguan, 9 Malichi 2014

Okondedwa Bambo,

Landirani moni kuchokera kwa ine mwana wanu Changlin. Ife kuno tili bwino, kaya inu ndi bondo lija? Mpongozi wanu Xiaorong akupereka moni. Mdzukulu wanu Miaomiao tsopano amavala yekha nsapato, kungoti yakumanja amaiika kumanzere, ndipo ukamuuza amakwiya.

Ndasankha kulemba chifukwa foni yatikanika. Tsiku lija ndinakuwa mpaka a chipinda choyandikana nafe anagogoda khoma, inu n'kumangoyankha kuti inde, mvula yagwa. Makutu anu anatsalira kophwanya miyala kuja, koma maso alipo, ndiye muwerenge pang'onopang'ono.

Achemwali Changying andiuza kuti bambo aang'ono a Wanshou akufuna kusiya malo awo kuti akakhale kwa mwana wawo mumzinda wa Chengdu. Nkhani imeneyi yandisowetsa mtendere. Miaomiao chaka chamawa ayenera kuyamba sukulu, ndipo sukulu za kuno sizilandira mwana amene mapepala ake ndi a kumudzi. Tifune tisafune, abwerera kwathu ndi amayi ake. Nanga akakhala kuti? Nyumba yanu ndi chipinda chimodzi. Kwa a Wanshou kuli nyumba ya njerwa, mitengo ya malalanje, ndi chitsime pabwalo pomwepo. Popeza malowo angagule ndi munthu wa m'mudzi mwathu yekha, ogula ndi ochepa, ndipo mtengo umene ndamva tikhoza kuufika ndi zimene tasunga kufakitale ya nsapato kuno.

Chimene chikundivuta ndi anthu obowola gasi aja pamwamba pa phiri. Pa Chaka Chatsopano ndinaona ndekha chinsanja chawo, ndi dziwe la madzi akuda limene anayala pulasitiki pansi. Chitsime cha a Wanshou chili kumunsi kwenikweni kwa phirilo. Mnzanga wina amene timapaka naye guluu, wa boma loyandikana ndi lathu, akuti kwawo atabowola madzi anayamba kununkha mazira owola, nkhumba n'kumakana kumwa. Mwina amawonjezera, munthuyo ndi wolongolola. Koma mwana wanga adzamwa madzi amenewo tsiku ndi tsiku mpaka kukula.

Ndiye pitani mukaone. Kodi madziwo akununkha? Asintha mtundu? Nkhumba zawo zikumwa? Ndipo n'chifukwa chiyani akuchoka panopa, munthu amene ankati adzafera pansi pa malalanje ake? Mundiyankhe funso lililonse palokha. Mutumizenso botolo limodzi la madziwo kudzera kwa dalaivala wa basi ya Lachisanu. Kuno kuli malo oyezera.

Ine mwana wanu,
Changlin


Tongziwan, mwezi wachiwiri wa kalendala yakale

Changlin,

Kalata ndalandira. Bondo lili momwemo. Mvula inagwadi.

Ndinapita kwa Wanshou. Mitengo ya malalanje ndi yabwino, iwiri yokha ndiyo yadwala. Denga silidontha. Khola la nkhumba likufunika chitseko. Wanshou ndi ine agogo athu ndi amodzi, sangandigulitse chinthu choipa. Akuchoka chifukwa kwa mwana wake kwabadwa mapasa ndipo alibe wowalera. Mwana wa a Qiu nayenso akuwafuna malowo, wapitako kawiri ndi fodya m'manja. Ukachedwa, zako izo.

Obowola aja anatikonzera msewu. Basi tsopano imafika mpaka pa mlatho.

Za madzi, ine ndinabadwa ndikumwa madzi a m'chigwa muno. Kupita kwa m'bale wako kukapempha botolo kuti akayeze, n'chimodzimodzi kumuuza kuti ndi wakuba. Ine sindipita. Uza mlongo wako, iye manyazi alibe.

Mwanayo muzimuveka zofunda, dzuwa la mwezi uno ndi lonyenga.

Bambo ako


Dongguan, 30 Malichi 2014

Achemwali,

Moni kwa inu ndi alamu. Malonda a tofu, chakudya chanu cha soya chija, akuyenda bwanji pamsikapo?

Bambo andiyankha za denga, za khola, za msewu, mpaka za mapasa a anthu ena. Ine ndinafunsa za madzi. Ndikuona ngati pali chimene akudziwa ndipo sakufuna kunena. Xiaorong akuti ndikungodzizunza, kuti theka la mudzi limamwa madzi a m'chigwa ndipo palibe amene wamera nyanga. Iye nyumbayo waikonda kale asanaloweko n'komwe, makatani wayamba kuyang'ana. Ine dzulo ndinapaka guluu nsapato yomwe yomweyo kawiri, kapitawo n'kundifunsa ngati ndaledzera.

Chonde pitani inu. Mutenge botolo loyera, mulidzaze mpaka kukamwa, mutseke zolimba. Musanene kuti ndi okayezetsa, Bambo angadwale ndi manyazi. Nenani kuti mlamu wanu m'mimba mwake simuchedwa kuvuta, ndiye akufuna alawe madziwo kuti thupi lizolowere asanasamuke. Si bodza lenileni, m'mimba mwake mumavutadi akadya tsabola wambiri.

Mupatse dalaivala wa Lachisanu, wamtali uja wa dazi. Ine ndikamudikira kudepoti Lamlungu. Mwana wa a Qiu asatipitirire chifukwa cha botolo limodzi.

Mlongo wanu,
Changlin


Dongguan, 13 Epulo 2014

Okondedwa Bambo,

Moni. Lero ndikulemba mtima uli m'malo.

Botolo linafika Lamlungu lapitalo, lokulungidwa m'thumba la mpunga, pamodzi ndi kamtsuko ka masamba a mumchere. Kalata munalibe, koma sindinadabwe, Achemwali amadana ndi cholembera. Ndinapita nalo koyezera ndipo dzana ndatenga pepala lake. Mawu ambiri sindinawamve, ndiye ndinapempha bambo wa kumeneko kuti andiuze ngati akuuza mwana. Akuti mchere ndi wochulukirapo pang'ono, koma umenewo supha munthu. Gasi mulibe. Tizilombo mulibe ngakhale kamodzi, mpaka iye anadabwa, akuti sanaonepo chitsime cha kumudzi choyera chonchi.

Ndiye munanena zoona, Bambo. Mundikhululukire kuvuta kwanga. Kauzeni bambo aang'ono kuti tagula. Mapepala tidzasainirana pamaso pa akuluakulu a mudzi ndikabwera, koma mawu apite panopa, a Qiu amve.

Xiaorong akuti chipinda choyang'ana kum'mawa chikhale cha mwana. Ine ndikuganiza za chitseko cha khola chija, musagule, kuno ndimatha kupeza zitsulo zotsala. Mitengo iwiri yodwala ija muione ngati ndi yofunika kudula matendawo asanafalikire. Miaomiao tamuuza kuti adzakhala ndi mtengo wakewake wa malalanje, ndiye akufunsa ngati ungabwere pa basi.

Ine mwana wanu,
Changlin


Kumsika, 5 Epulo 2014

Iwe Changlin,

Moni, mwini minda. Ndikulemba chifukwa pa foni umandidula mawu ngati kapitawo wako. Malonda ali choncho, soya wakwera, anthu akufunabe tofu pa mtengo wa chaka chatha.

Ntchito yako ndagwira. Ndinatseka benchi masana, ndinanyamula tofu wabwino n'kupita kwa bambo aang'ono. Ndinanena monga unandiphunzitsira, za m'mimba mwa mlamu. Mayi aang'ono anasangalala kwabasi. Anati mkazi wa Changlin ndi wanzeru, madzi achilendo amasokonezadi munthu, nawonso atangokwatiwa kuno anatsekula m'mimba mwezi wathunthu. Ine ndinafuna ndingotunga ndidzaze botolo, koma anandilanda chidebe. Anati, "Iwe, mwana wa eni ake wodwaladwala ukamutumizire madzi osawiritsa? Amayi ako akanakhala moyo akanakumenya." Anawawiritsa mumphika waukulu mpaka tinamaliza nkhani zonse za mapasa, anawaziziritsa, anawasefa pa nsalu, n'kuthira okha m'botolo. Ndiye uza mlamu amwe osaopa, ndi owira bwinobwino. Masamba a mumcherewo ndi mphatso yawo.

Popeza ndiwe munthu wa mafunso: madziwo sanunkha mazira. Ndinanunkhiza ngati galu mayi aang'ono atatembenuka. Mtundu ndi wa madzi. Nkhumba anagulitsa kale, ndiye sindinathe kuzifunsa. Chidebe chikangotuluka m'chitsime mumakwera timathovu ting'onoting'ono ngati m'chakumwa cha m'botolo, kenaka timatha. Ndinafunsa, anati ndi mmene zakhalira chikwatiwire iwo, kapena mwina tawonjezekera pang'ono, sakumbukira bwino. Iwe ukudziwa kuti nthaka yathu ino ndi ya mchere ndi gasi kuyambira kale, makolo ankaphikira mchere pa moto wotuluka pansi.

Kalatayi ndapatsa alamu ako akaponye popita kogula soya.

Mlongo wako,
Changying


Dongguan, 11 Meyi 2014

Achemwali, ndipo muwerengerenso Bambo,

Kalata yanu ya pa 5 Epulo yafika dzulo. Mwezi wathunthu. Ili ndi banga la oyilo, ndiye ndikudziwa kuti inagona pansi pa mpando wa njinga yamoto ya alamu. Muwathokoze.

Ndinaiwerenga nditaimirira pageti. Pa nthawi ya chakudya ndinathamangira koyezera kuja osadya. Nditanena kuti madzi aja anali owiritsa, bambo uja anavula magalasi n'kuseka. Akuti madzi ukawawiritsa gasi amathawa yense ndi nthunzi, tizilombo timafa, ndiye pepala lija likungonena kuti mayi aang'ono amadziwa kusonkha moto. Nditamuuza za timathovu tija anasiya kuseka.

Ndalipira kuyeza madzi a mumphika. Ndipo ndi pepala limenelo ndinauza Bambo kuti tagula.

Ndikufunseni, Achemwali, inu amene munali pomwepo. Mayi aang'ono anawiritsa chifukwa cha chifundo, kapena akudziwa chimene moto umachotsa? Mwana wawo wa ku Chengdu ndi wophunzira, akhoza kuwauza. Nanga nkhumba anagulitsa liti, ndipo chifukwa chiyani? Munthu sagulitsa nkhumba m'mwezi umene zili zowonda. Sindikunena kuti ndi akuba. Ndikufunsa.

Chilichonse chiime. Ngati Bambo sanapereke mawu, asapereke. Ngati apereka, anene kuti pali pepala limene lachedwa kufakitale. Ndikufuna botolo lina, ndipo ili mutunge nokha, osawiritsa, osasefa. Mulimize m'chidebe, mutsekere m'madzi momwemo kuti musatsale mpata, ndipo likwere basi tsiku lomwelo. Osapatsa alamu.

Xiaorong sakundilankhula. Akuti ndinali nditapeza yankho labwino ndipo ndapita kukalisokoneza ndekha.

Changlin


Kumsika, 22 Meyi 2014

Iwe,

Moni, ngakhale sukuyenera moni. Ukuti chiime? Chinayenda kalekale. Kalata yako ya "tagula" itangofika, Bambo anapha bakha wamkulu uja, anaitana bambo aang'ono ndi amuna atatu a m'mudzi kuti akhale mboni, anamwa mowa wa mapira mpaka dzuwa kupendeka. Bambo aang'ono anapita okha kwa a Qiu kukawabwezera fodya wawo. Mwana wa a Qiu wayamba kale kukumba maziko kwina. Pepala silinasainidwe, inde, koma iwe unabadwira kuno, ukudziwa kuti chimene chalankhulidwa pa bakha chatha.

Za mayi aang'ono, manyazi akugwire. Alamu ako pakamwa pawo ndi pobowoka, anakafotokoza kogulira soya, nkhani n'kufika. Mayiwo anabwera pabenchi langa akulira anthu akuona. Anati iwo anawiritsa madzi a mwana wodwala, lero akutchedwa achinyengo. Ndikanayankha chiyani? Amene anati madziwo ndi akumwa ndiwe. Bodza linali lako, ine ndinangolinyamula. Nkhumba anagulitsa chifukwa ku Chengdu sangakwere nazo m'nyumba yosanja.

Botolo ndatunga monga unanenera. Bambo aang'ono anaima pakhonde manja kumbuyo mpaka ndinatuluka pageti. Sindinamvepo kulemera kwa botolo ngati tsiku limenelo.

Tsopano imva ichi. Chiwerengere kalata yako, Bambo m'mawa uliwonse amatsika phiri ndi bondo lawolo, kapu yawo yachitsulo m'manja. Amafika pachitsimepo, amatunga, n'kumwa osawiritsa, ataimirira pamene aliyense wodutsa pamsewu awaone. Munthu amene moyo wake wonse sanamwepo madzi ozizira, amene ankatikwapula tikamwa a mumtsuko. Ndinawakuwira m'khutu kuti akufuna kudzipha kodi. Anati, "Mlongo wako akufuna koyezera. Koyezera ndi kuno," n'kudzimenya pamimba.

Ndiye fulumira ndi mayeso akowo. Ine makasitomala akundifunsa ngati tofu wanga ndimapangira madzi a m'chigwa.

Changying


Dongguan, 8 Juni 2014

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikhulupirira bondo silinakule ndi kutsika phiri kumene ndamva.

Pepala lachiwiri latuluka. Ndikuuzani monga anandiuzira, osawonjezera. Gasi alimo. Si wambiri woti nyumba ingapse, koma alimo. Mchere ndi wochuluka. Palinso zina ziwiri za mayina ovuta zimene akuti zili pafupi ndi malire, sizinadumphe. Ndinafunsa ngati zachokera kwa obowola. Akuti sangadziwe, chifukwa palibe anayeza chitsimecho asanabwere obowolawo. Mwina ndi gasi wakale wa makolo, mwina ndi watsopano. Mwina zikhala choncho zaka makumi, mwina chaka chamawa zikwera. Akuti ndiyezenso mvula ikatha, kenaka ndiyezenso, kenaka ndiyezenso. Kuwiritsa kumachotsa gasi, koma zina ziwirizo zimatsala mumphika.

Ndinamufunsa kuti iye akanamwetsa mwana wake? Anati iye amangoyeza.

Ndiye ndili pomwe ndinali mu Malichi, kungoti tsopano abale akulira ndipo bakha anadyedwa. Ndikamaganiza zosiya, ndimaona Miaomiao alibe pokhala ndipo inu mukuyenda chozolika m'mudzi. Ndikamaganiza zogula, ndimaona kapu m'manja mwake. Ndimawerengera zogula madzi a m'zigubu, koma mwana saona kuti awa ndi a m'chigubu, awa ndi a m'chidebe. Asamba momwemo, mpunga uphikidwa momwemo, malalanje amwa omwewo.

Chimodzi chokha ndikupempha. Siyani kumwa. Inu muli ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, thupi lanu linauma kale ngati chikumba. Iye ali ndi zinayi. Mukapanda kudwala sizindiuza kanthu, mukadwala ndiye ndapha bambo anga chifukwa cha mafunso. Mbali zonse ine sindipindula.

Ine mwana wanu,
Changlin


Tongziwan, mwezi wachisanu ndi chiwiri wa kalendala yakale

Changlin,

Makalata ako onse ndalandira, ndi awiri a mwezi watha omwe. Ndinachedwa kuyankha chifukwa tinali kumweta mpunga, komanso unkafunsa zomwezomwezo.

Ndikumwabe. M'mimba muli bwino. Ndimadya mbale ziwiri. Ndinakwera sikelo ya mlongo wako, sindinatsike. Madziwo ndi ozuna pang'ono kuposa a kasupe wa kuseri kwa nyumba yanga. Amene amayeza uja wamwa kangati?

Wanshou akufuna achoke kusanazizire. Sanandifunse kanthu, koma akandiona amayang'ana kumbali. Ine ndinalankhula pamaso pa amuna atatu. Sindinabwezepo mawu chibadwire.

Leka kulemba. Tumiza mkazi wako ndi mwana pa tchuthi cha Okutobala adzaone nyumba ndi maso. Munthu sagula malo kapena kuwakana ali kutali. Akadzaona mtima udzakhala pansi.

Bambo ako


Tongziwan, 3 Okutobala 2014

Bambo a Miaomiao,

Moni. Tinafika bwino, mwana anasanza kamodzi kokha pa mapiri paja. Pa foni dzulo ndinangoti zonse zili bwino chifukwa alamu ndi amuna awo anali pomwepo. Kalatayi ndipatsa dalaivala wa dazi, ifika ine ndisanafike. Ndikufuna muiwerenge muli nokha.

Nyumbayo ndi yabwino kuposa mmene ndinkaganizira. Chipinda cha kum'mawa chili ndi zenera lalikulu. Malalanje ayamba kufiira. Miaomiao anathamanga kuzungulira bwalo mpaka kugwa, anasankha mtengo wake, wokhota uja wa pafupi ndi khola. Ine mumtima ndinali nditaika kale bedi, ndinali nditadziwa pokhomera msomali wa zovala. Mayi aang'ono anandilandira bwino, za kale zija sanatchule. Anandionetsa mitsuko yawo ya masamba, akuti iwiri adzandisiyira.

Kunatentha. Mwana atatopa anabwera akuti ludzu. Mayi aang'ono anapita kukhitchini n'kubwera ndi mbale ya madzi owiritsa, ozizira, othira shuga wofiira. A pachitsime pomwepo. Anagwada n'kumupatsa m'manja. Ine ndinaona, koma sindinawaletse. Mumtima ndinati ndi owiritsa, ndi kamodzi kokha, ndipo nditakana pamenepa ndiye nkhondo.

Mbale isanafike pakamwa, Bambo anu, amene tinapita nawo, anali ataitenga. Sindinaone n'komwe mmene anadzukira pampando ndi bondo lija. Anaimwa yonse osapuma, n'kupukuta pakamwa. Mwana anayamba kulira kuti agogo amulanda. Tonse tinaseka, mayi aang'ono akuti nkhalamba iyi yabwerera ku umwana, imalanda shuga wa mdzukulu. Anapita kukatenga ina.

Yachiwirinso Bambo anailanda. Ulendo uno anaigwira m'manja mwa mayi aang'ono momwemo, mwana asanaikhudze. Anamwa pang'onopang'ono, maso ali pansi. Palibe anaseka. Bambo aang'ono anazimitsa fodya wawo n'kunena kuti, "Achimwene, ludzu lanu lakula chaka chino."

Bambo anaika mbale pansi. Kaya sanamve, kaya anamva. Anapisa m'dengu lawo lakumsana, pansi pa mapeyala amene tinabweretsa ngati mphatso, n'kutulutsa botolo la madzi a kasupe wa kwawo, owiritsa, okulungidwa m'thaulo. Ndiye kuti analikonza m'mawa tisananyamuke. Anamwetsa mwana okha, atagwira botolo ndi manja awiri.

Sitinakhalitse. Pobwerera anabereka Miaomiao phiri lonse, ndikawapempha kuti ndiwalandire amakana. Ndinawakuwira kuti Bambo, madzi aja si abwino kodi? Anati ndi abwino. Ndinati nanga bwanji? Anangopitiriza kukwera.

Ine ndi amene ndinkati mukudzizunza. Nyumbayo ndikuifunabe, sindinama. Koma dzulo pomusambitsa mwana ndinadzipeza ndikufunsa alamu kuti madzi a m'beseniwa atungidwa kuti. Ndikhala choncho tsiku lililonse? Ganizani, ndikupezeni mutaganiza.

Xiaorong


Dongguan, 7 Okutobala 2014

Okondedwa Bambo,

Moni. Zikomo posamala mpongozi wanu ndi mwana.

Malo a bambo aang'ono sitigula. Ndalemba kumayambiriro kuti musavutike kufufuza.

Mapepala awiri aja sanandiuze chochita. Lina linali la madzi a mumphika, lina likuti mwina. Ndikanayeza kachitatu likanatinso mwina. Koma Xiaorong wandilembera za mbale ziwiri za madzi a shuga. Inu mwamwa madzi amenewo chilimwe chonse, mumawadziwa kuposa bambo wa magalasi uja, ndipo mumafuna malowo kuposa ine. Ngati inu simunathe kuona mwana akumwa kamodzi, ine sindingamusiye kumeneko zaka khumi ndili kuno ndikupaka guluu.

Mwina ndalakwitsa. Mwina madziwo alibe vuto, wina adzagula, ana ake adzakula onenepa, ine ndidzadutsa pamsewu ndikuona malalanje a eni. Ndavomera.

Kumene mwana akakhale sindinadziwe. Ndapempha Achemwali afunse chipinda cha lendi kumsika, pafupi ndi sukulu, kumene kuli madzi a m'mipope. Chidzakhala chaching'ono ngati chino. Miaomiao adzalira za mtengo wake, ndidzamuuza ndine.

Kwa bambo aang'ono musapite. Mawu anali anga, bodza la m'mimba linali langa. Ndikabwera pa Chaka Chatsopano ndidzapita ndekha ndi mowa, ndidzagwada pamaso pa amuna atatu aja, ndidzanena kuti ndine wamantha. Musawauze kuti woombeza wakana kapena kuti nyumba yayang'ana kolakwika. Mabodza andikwana.

Ndipo chonde, siyani kumwa tsopano. Palibenso choyeza.

Ine mwana wanu,
Changlin


Tongziwan, mwezi wachisanu ndi chinayi wa kalendala yakale

Changlin,

Kalata yako inandipeza nditapita kale kwa Wanshou. Ndinapita m'mawa mwake mwa tsiku la mbale zija, mkazi wako akuchapa. Sindinamuuze. Ndinatenga bakha ndi mowa, ndinaitana amuna atatu aja. Ndinati mwana wanga sagula, ndipo amene wabweza mawu ndine, chifukwa amene anawapereka ndine. Iwe sudzagwadira munthu.

Wanshou bakha analandira, mowa anakana. Sanandiperekeze pageti. Achoka mwezi wamawa, nyumba aitseka ndi loko. Mwina adzabwera pamaliro anga, mwina ayi. Tinakulira pa mphasa imodzi.

Chipinda cha kumsika mlongo wako wapeza. Ndi chamdima koma n'chouma.

Kuchitsime ndasiya kupita, sangandilolenso kulowa. Koma usalembe m'mutu mwako kuti bambo ako anavomera kuti madziwo ndi oipa. Sindinadwale tsiku ndi limodzi lomwe. Munthu akandifunsa lero ndinena kuti ndi abwino, ndipo ndidzakhala ndikunena zoona. Botolo lija ndinalinyamula chifukwa cha kutentha basi, ndi mmene ndinadziuzira m'mawa umenewo.

Kungoti nditaona mbale ikukwera kupita pakamwa pa mwana, dzanja langa silinandifunse.

Bambo ako